Kadzidzi wa m'boyizi kota sanatumidwe ndi munthu

Abale anga a pamsika, mvula ikangotha aliyense amene ali ndi kapoloti mutu wake umakhala pa chinthu chimodzi: kumanga. Sindikunena mabwana a ku Namiwawa kapena ku Area 43 amene amaitana kontilakitala nkumuuza kuti makiyi ndiwapeze pa Khirisimasi ayi. Ndikunena ife a tomato, a kaunjika, a usipa, a makala, amene kuseri kwa nyumba tinasiyako malo a zipinda ziwiri kuti tsiku lina tidzaikemo alendi, kuti miyendo ikadzakana kupita kokapikula tidzadye ya lendi. Penshoni ya munthu wa pamsika ndi boyizi kota, inanso palibe.

Tsono mamangidwe athu mukuwadziwa. Chaka chino maziko. Chaka chamawa tikalandira ya chipereganyu khoma lifike pa windo. Kenako mwana wasankhidwa kupita ku sekondale, njerwa ziyambe zadikira. Kenako maliro kumudzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama imene munthu anasungira simenti ya nyumba yonse inasanduka ya matumba owerengeka. Nyumba imaima choncho zaka zitatu, zinayi, ina ili pa lintala, ina malata anakhoma koma mawindo ali pululu, m'kati mwamera chisoso ndi bonongwe.

Inu mukuti nyumbayo sinathe. Mbalame ikuti inatha kalekale, ndipo ndi yabwino zedi: mthunzi ulipo, mvula silowa, ana a legeni safikako, mwini wake amachoka 5 koloko m'mawa nkubwera kutada. Ndiye tsiku limene ndalama yapezeka, mmisiri wafika ndi makwerero ake, mukupeza kuti mlendi analowa kale, lendi salipira, ndipo ali ndi banja. Titani naye?

Zambiri mwa mbalame zimenezi si zoti tithere inki. Njiwa imasanja timitengo tingapo pamwamba pa khoma, imaikira mazira awiri basi, imakhalira masabata awiri, ana nkuuluka pakapita masabata ena awiri kapena atatu. Pumbwa amene wamanga mu mgwafa umene mukufuna kudula nayenso mwezi umodzi wathana nazo. Namzeze, uja amaumba kachisa ka dothi kunsi kwa lintala kapena pakona ya khonde, amatenga masabata asanu kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa dzira kufika pouluka, komanso iye amamanga nthawi ya matope pamene ambiri a ife ntchito yomanga tinaimika kale. Anamzeze ambirimbiri aja amandandalika pa mawaya a magetsi m'dzinja musawawerengere nkomwe, ambiri a iwo ndi alendo ochokera ku Ulaya, kuno amabwera kudzadya chabe, zisa zawo zili kwawo.

Mwezi umodzitu basi. Nyumba imene yadikira zaka zinayi singagwe chifukwa cha mwezi umodzi. Mmisiri ayambe mbali inayo, akamafika pa chisapo apeza eni ake anasamuka. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mutangomva za tiana ta njiwa malovu adzadza kale m'kamwa. Ine sindiima pakati pa munthu ndi ndiwo zake, koma tiana tiwiri topanda nthenga sitingapititse ngakhale mtanda umodzi wa nsima. Zisiyeni.

Vuto lenileni ndi kadzidzi. Pamenepa mpamene nkhani ya nyumba imasanduka nkhani ya moyo wa munthu.

Pali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, benchi lake layandikana ndi la mlamu wanga. Mayiyu anamanga zipinda ziwiri kuseri, malata anakhoma zaka ziwiri zapitazo, siling'i anaika theka ndalama nkuthera pomwepo. Atatenga ya banki m'khonde anaitana kalipentala kuti amalize. Kalipentala anakwera, nkulowetsa mutu m'mwambamo, nkutsika osaponda masitepe ena. Ati muli "zinthu". Tizinthu tinayi toyera mbee, nkhope ngati za nkhalamba, tikugwedeza mitu uku ndi uku, tikupemerera ngati mphiri. Kena kakakulu, kena kakang'ono, ngati sitinabadwe kwa mayi mmodzi. Pansi pake pali timipira takuda mbwee, ndipo mnyamata wina wolimba mtima ataswa kamodzi anapezamo ubweya, timafupa ndi kachigaza kokhala ndi mano.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira dera lonse. Ndipo monga zimakhalira nthawi zonse, sipanathe ola kuti "mwini wake" wa kadzidziyo apezeke: agogo ena amasiye okhala kuseri kwa mpanda, amene anakanganapo ndi mayiyu pa nkhani ya malire nthawi imene ankakumba maziko. Anthu anayamba kulumikiza. Eti nchifukwa chake nyumba yosatha zaka zonsezi. Eti nchifukwa chake geni sikuyenda. Eti si uja mwana anadwala malungo kawiri chaka chimodzi? Wina anabwera ndi nambala ya mneneri, wina ya sing'anga, onse ofuna ya thiransipoti kaye asananyamuke. Anyamata anali atayamba kutola miyala, ndipo ine sindikhulupirira kuti miyala yonseyo inali ya mbalame. Chinapulumutsa zinthu ndi chakuti amfumu a m'deralo ndi munthu wosapupuluma. Anabwera, anakwera okha pamakwerero ndi tochi, nkulamula kuti pasapezeke wokhudza mbalame kapena munthu mpaka iwo atanena. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, apa ndinavomereza.

Tsono tiyeni umboni uja tiuzenge ngati kukhoti.

Timipira takuda tija. Kadzidzi alibe mano. Mbewa kapena khoswe wamng'ono amameza wathunthu, ubweya ndi mafupa omwe. M'mimba mnofu umagayika koma ubweya ndi mafupa sizigayika, zimaumbika kukhala kampira, ndipo pakapita maola angapo amakalavula. Chimene anthu anachiyesa chithumwa ndi risiti ya zimene mbalameyo inadya usiku. Anthu ophunzira za nyama amachita kutola timipira timeneti dala, nkumatiswa pa tebulo kuti adziwe mitundu ya mbewa zopezeka m'deralo. Kachigaza kokhala ndi mano awiri aatali kutsogolo kaja kayang'anitsitseni. Ndi ka yemwe uja anaboola thumba lanu la mtedza.

Za kusiyana misinkhu nazo sizovuta. Nkhuku imadikira mazira akwane ndiye nkuyamba kukhalira, nchifukwa chake anapiye amaswa pafupifupi tsiku limodzi. Kadzidzi wa nkhope yoyera, amene ndi amene amakonda m'madenga mwathu, amayamba kukhalira dzira loyamba pomwepo, lina nkumaikira pakapita masiku awiri kapena atatu, mpaka akwane anayi, asanu, asanu ndi limodzi, pena kuposa. Ndiye chisamba chimatha kusiyana ndi chitsirizira ndi masabata awiri athunthu. Chisa samanga nkomwe, amangoikira pa timipira tija titafumbutuka. Mkonono umene umamveka m'denga usiku, uja umachititsa anthu kunena kuti m'nyumba yopanda munthu mukugona munthu, ndi ana akupempha chakudya. Kutembenuza mutu mpaka nkhope kuyang'ana kumsana nchifukwa chakuti maso ake satembenuka ngati athuwa, ndiye amatembenuza khosi lonse. Kuuluka mosamveka ndi nthenga zake zofewa, ndipo makutu ake ndi akuthwa mwakuti mbewa amaigwira mumdima wa ndiweyani pongomva kuswanyula kwake. Zonsezi ndi zida za ntchito, monga sikelo ndi mpeni pa benchi la abutchala.

Wina andifunsa, ndipo ndi funso labwino: nanga bwanji akalira padenga pamachitika maliro? Achimwene, kadzidzi amalira usiku uliwonse. Funso ndi lakuti amene amakhala maso 2 koloko usiku kuti amumve ndani. Ndi amene akudwazika matenda. Nyumba imene onse ali bwino amagona tulo, kadzidzi amalira padenga pawo mpaka kutopa, iwo osadziwa kanthu. Kafunseni alonda a pamsika. Iwo amamumva usiku ndi usiku chaka chonse. Kukanakhala kuti kulira kwake kumapha, bwenzi pano misika yonse ilibe mlonda.

Makolo athu omwe, amene timawanamizira mantha onsewa, anatisiyira nthano ya kadzidzi amene ankalamulira mbalame zonse poziopseza ndi nyanga zake, mpaka kambalame kena kakang'ono kanalimba mtima nkukhudza, nkupeza kuti si nyanga koma nthenga chabe. Nthano imeneyi tinaimvera pamoto tili ana, koma tikakula timaiwala.

Apa ndilankhule mosaseka. Kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu m'dziko muno. Lamulo lake ndi la 1911, lakale kuposa agogo amene mukuwanenawo, ndipo anthu amamangidwa nalo. Komatu si kumangidwa kokha kumene kumandiopsa. Mu Januwale 2016 ku Neno mphezi inapha mtsikana, ndipo anthu anagwira okalamba anayi nkuwapha ati ndiwo anatumiza. Mphezi! Chinthu chimene chimagwa pa mtengo, pa ng'ombe, pa tchalitchi, osasankha. Ngati mphezi inapezeredwa mwini wake, kuli bwanji mbalame ya nkhope ngati munthu imene yapezeka m'nyumba ya ndalama zanu? Ndipo taonani amene amalozedwa. Sakhala mwini golosale, sakhala wa galimoto. Amakhala gogo wamasiye, wopanda mwana wamwamuna pafupi, kawirikawiri wokhala pa malo amene wina akuwasirira.

Ngati mukufunadi kudziwa amene anatuma kadzidzi m'boyizi kota mwanu, ndikuuzani. Ndife tomwe, ndipo tinamutuma kawiri.

Poyamba tinamugwetsera nyumba. Mbalame imeneyi kwawo ndi m'mphako za mitengo ikuluikulu yakale ndi m'mapanga. Mitengo yotereyi m'makomboni mwathu yatsala ingati? Mikuyu, mibawa, ngakhale mango amene anadzala agogo, zonse zinalowa mu uvuni wa njerwa, njerwa zomwezo zimene tamangira boyizi kotayo. Amene anakulira ku Blantyre m'ma 1980 akukumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi mitengo. M'zaka za m'ma 1990 linametedwa mpala, ena ati ndiwo ufulu umene tinkaufuna. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda, koma ife a kuseri kwa nyumba tikuotchabe, chifukwa za simenti sitingazikwanitse. Sindikuweruza munthu, nanenso khoma langa ndi la njerwa zofiira. Ndikungoti amene wagwetsa mphako asadabwe mwini mphako akabwera kudzagona kwa iye.

Pamenepa pali nkhani ina yoseketsa. Mukumudziwa nantchengwa, mbalame yofiirira ya mutu ngati hamala, yokonda achule m'madambo. Ameneyo ndiye mmisiri weniweni. Chisa chake chimaposa mita m'lifupi, timitengo masauzandemasauzande, denga lolimba loti munthu wamkulu atha kuimapo osabooka, khomo lozira ndi matope, pamwamba nkukongoletsa ndi nsanza ndi mapepala. Ndipo ali ngati anthu ena amene timawadziwa: amamanga nyumba zingapo, zina osagonamo nkomwe. Mmodzi mwa alendi amene amalowa m'nyumba za nantchengwa, pena mochita kulanda, ndi kadzidzi wa nkhope yoyera yemweyu. Masiku ano mapoloti akugulitsidwa mpaka m'dambo, m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, ndiye mitengo ya zisa zimenezi nayo ikupita. Koma taonani, kwathu akuluakulu ankatiopseza kuti ukaphwasula chisa cha nantchengwa uona tsoka, ndipo mpaka lero alipo anyamata a nkhwangwa amene amakana kudula mtengo wa chisa chotere ngakhale uwaonjezere ndalama. Mantha omwewo akuteteza landilodi, akupha mlendi wake. Inu mukuona kuti pali nzeru pamenepa?

Kachiwiri tinamuitana ndi chakudya. Ndani wa ife amene sasunga katundu m'nyumba yosathayo? Matumba a chimanga, gaga wa nkhuku, madengu a usipa, mabelo a kaunjika. Pamene pali zimenezi pali makoswe, ndipo pamene pali makoswe kadzidzi sachedwa. Amakonda kuikira mvula ikamatha ndi nthawi ya masika, pamene mbewa ndi makoswe zaswana, yomwenso ndi nthawi imene ife timayamba kuitana amisiri. Nchifukwa chake timagundana pakhomo.

Tsono ife ndife anthu a masamu, tiyeni tiwerenge. Kadzidzi wamkulu mmodzi amadya mbewa kapena timakoswe titatu kapena tinayi usiku umodzi. Onjezani mkazi wake, onjezani ana anayi amene sakhuta. Pa chaka banja limodzi limapitirira 1,000, ndipo apo ndawerenga mouma manja. Chikhoswe chachikulu cha m'ngalande chija chofanana ndi mphaka mwina sachitha, koma ana ake amawatha, ndipo khoswe wopanda ana mtundu wake sukula. Fananizani ndi tameki amene timagula m'timapepala. Ndalama timalipira, khoswe amakafera m'siling'i nkununkha sabata yonse, galu wa aneba wafa, mphaka wafa, nkhuku zafa, ndipo tonse tikudziwa makomo amene mankhwala amenewa anatengako munthu. Muike poizoni pafupi ndi usipa umene mawa mugulitse kwa anthu? Akuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kadzidzi amamuchotsa pa mkhatepo, mkhate osasweka. Ndipo dziwani kuti khoswe amene wadya poizoni akagwidwa ndi kadzidzi, kadzidziyo nayenso atha kufa, ndiye mwapha mlonda nkusiya akuba.

Kwina anthu anawerenga masamu amenewa kalekale. Ku Israel alimi a pamalo otchedwa Sde Eliyahu anayamba mu 1983 kukhoma mabokosi m'minda kuti akadzidzi aziswanamo, pofuna kuchepetsa poizoni, ndipo mabokosiwo anafika masauzande, alimi a ku Jordan ndi a ku Palestine nkutengerako. Ku Malaysia amachita chimodzimodzi m'minda ya kanjedza wa mafuta. Musati ndi za anthu osadziwa ufiti. Abale athu amene ali ku Joni akuuzani za Alexandra, komboni ya ku Johannesburg yodziwika ndi makoswe, kumene m'zaka za m'ma 2010 anaika mabokosi a akadzidzi m'masukulu. Kumenekonso anthu amaopa kadzidzi monga ife, ena anakana, koma ana a sukulu ndiwo anayamba kuzolowera. Ku Britain nkhani yake ndi ya lamulo: malinga ndi lamulo la 1981, kuphwasula chisa cha mbalame ya kutchire pamene ikumanga kapena ikugwiritsa ntchito ndi mlandu, ndipo kadzidzi wa nkhope yoyera ali pa mndandanda wa zotetezedwa mwapadera, mwakuti womanga amaimitsa ntchito mpaka ana auluke. Mlongo wanu amene ali ku Manchester, uja amatumiza ya malata nkumakukalipirani pa foni kuti bwanji simukumaliza, kumene aliko sangayerekeze kukhudza dzira limodzi.

Ndikumva wina akuti, "Mkulu, inu mukulemba muli pampando. Ine ya banki m'khonde ikubereka chiwongoladzanja sabata ndi sabata, mlendi ndinamulonjeza kale tsiku, kalipentala ndinamupatsa ya dipoziti ndipo ndikamuuza kuti adikire apita kwina nayo." Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo amene akuulipira ndinu, osati ine kapena mbalame. Choncho tiunene mtengowo mosabisa. Mazira amatenga mwezi umodzi kuti aswe. Ana amatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti auluke. Ngati mwapeza mazira ongoikira kumene, ndi miyezi itatu, ndipo imeneyo ndi lendi ya miyezi itatu ya chipinda chimodzi. Koma kawirikawiri sitiwapeza pa mazira, timawazindikira ana atayamba phokoso. Ayang'aneni. Ngati akadali thonje lokhalokha, mwatsala ndi mwezi ndi theka kapena kuposerapo. Ngati mapiko ayamba nthenga zofiirira ndipo nkhope yaumbika bwino, ndi masabata awiri kapena atatu. Tsono ikani pa sikelo: mbali ino masabata amenewo, mbali inayo ya mneneri, ya mbuzi ya sing'anga, ya kupolisi anyamata akaphwanya zenera la agogo, ndi udani wa pa malire umene mudzasiyire ana anu.

Komanso ndani anati ntchito yonse iime? Nyumba ya lendi si siling'i yokha. Chimbudzi cha alendi munakumba? Bafa? Mafelemu, zitseko, simenti ya pansi ya chipinda chinacho, ngalande ya madzi a mvula, mpanda umene unagwa mbali imodzi? Kalipentala yemweyo apange zitseko pabwalo. Chofunika nchakuti pansi penipeni pa anawo pasakhale kukhoma ndi kugogoda tsiku lonse, makamaka akadali pa mazira, chifukwa nthawi imeneyo mayi sachedwa kuthawa, ndipo bowo lolowera makolo lisatsekedwe. Ngati simenti munagula kale, isanjikeni pa matabwa, isagunde khoma kapena pansi, ifundike ndi pepala. Ikakhala pouma miyezi iwiri kapena itatu imapirira. Kunyamula mazira kapena ana nkukawaika mu katoni pa mtengo wa aneba musayese, makolo nthawi zambiri sawatsatira, mwangowapha pang'onopang'ono. Kamwana kakagwa pansi, kabwezereni pomwe kanali madzulo, mutavala nsanza m'manja chifukwa zikhadabo zake si zamasewera. Zija amati mbalame ikamva fungo la munthu imakana mwana wake si zoona. Kakavulala, a ku Lilongwe muli ndi Lilongwe Wildlife Centre kumene amalandira nyama ndi mbalame zovulala, ndipo m'madera ena funsani a bungwe la WESM kapena a nthambi ya boma yoona za nyama za kutchire.

Sindikunena kuti mugone naye m'nyumba mpaka kale. Kadzidzi ndi mlendi wauve. Zitosi zake zimayenderera pa khoma ngati laimu, zotsala za makoswe zimanunkha, ndipo phokoso la ana ake silingagonetse munthu amene mawa alawirira ku msika. Ana akauluka musathamangire kutseka tsiku lomwelo, amabwererabe kudzagona masana kwa masabata angapo. Mukaona kuti m'mwamba mwakhala zii, kwerani masana ndi tochi, onetsetsani kuti mulibe wotsala, sesani mutamanga kansalu konyowa pamphuno, ndiye kalipentala akhome siling'i yake nkutseka bowo.

Amene ali ndi mtima, matabwa otsala pa ntchitoyo asapite pamoto. Bokosi lalikulu ngati katoni ya sopo ija yaikulu, lakuya kuti ana asagwe, bowo kumtunda loti chibakera cha munthu wamkulu chilowe momasuka, nkulikhoma pamwamba, mamita atatu kapena kuposa, pamthunzi. Ndikudziwa kuti alendi ena akaona bokosi la kadzidzi pa gebulo abwerera pageti pomwepo, ndipo simungadye chilungamo changa m'malo mwa lendi. Ndiye likhomeni kutali ndi zenera la mlendi, pa mtengo, pa chigayo, kapena kambiranani ndi a komiti ya msika. Ine ndikanakhala wapampando wa msika, bokosi loyamba ndikanalikhoma pa shedi ya chimanga, lachiwiri pa ya nsomba, nkuona ngati a tameki sangayambe kudandaula za malonda.

Ndipo inu amene chaka chino ndalama ikuthereninso pa lintala kapena pa theka la siling'i, musachoke chimanjamanja. Tsiku lomwe mmisiri akutsuka zida zake, tsekani mawindo ndi mipata ya pa gebulo ndi masaka akale kapena waya wa khola la nkhuku, mutayamba mwaona kuti m'kati mulibe kanthu. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo masaka muli nawo.

Kwa mayi wa nsomba uja zinatenga masabata asanu. Kalipentala woyamba sanabwerenso, ati iye ali ndi ana aang'ono, dipoziti anabweza theka. Anapezeka wina, mnyamata wa ku tekiniko, amene anakhoma siling'i masiku awiri nkupempha timipira tiwiri kuti akaonetse anzake. Mlendi analowa, ndi mphunzitsi, amalipira pa nthawi yake. Agogo a kuseri kwa mpanda mpaka lero palibe amene wapita kukawapepesa, ndipo akafika pa mpopi kudzatunga madzi ana amachotsa zidebe zawo pamzere nkuima patali.